Musafulumire kumubwerezetsa kalasi mwanayu

Mayi, mwafunsa ngati n'koyenera kumubwerezetsa Sitandade 1 mwana wanu chifukwa wakhala kumapeto pa mayeso a teremu yoyamba. Chimenechi si chifukwa chomubwerezetsa. Mwati wangokwanitsa kumene zaka 6, pomwe m'Sitandade 1 mumakhalanso a zaka 8 kapena 9, ena obwereza. Pa msinkhu umenewu chaka chimodzi n'chachikulu: anzakewo dzanja linazolowera kale pensulo, iye akulimbana nayobe.

Wanga wachiwiri ankalemba "b" m'malo mwa "d", lipoti lake ndinkalibisa ndithu. Koma pofika Sitandade 3 n'kuti akuwawerengera agogo ake mauthenga a pafoni.

Afunseni aphunzitsi ngati wasintha poyerekeza ndi mmene anayambira, osati ndi anzake. Koma ngati sayankha mukamuitana, kapena amayandikizitsa buku kumaso, pitani naye kuchipatala akamuyeze makutu ndi maso.