Asuweni, za funso lanu lija la ku Khondowe

Eee, asuweni, uthenga wanu ndauona. Kulemba sindilemba, maso anga ndi timalemba ta pafoniti sizigwirizana, ndiye mungotchera khutu. Mwafunsa kuti sukulu ya ku Livingstonia ija, imene anaphunzirako amalume, inayamba liti ndipo anaiyambitsa ndani. Inuyo? Kufunsa za mbiri yakale inu? Munthu amene aphunzitsi akangoyamba za Azungu oyamba munkagwetsa mutu padesiki mpaka dovu pakope? Hahaha. Komanso ndaona nthawi imene mwatumizira, 1 koloko usiku. Chabwino. Ndiyankha.

Chaka chake ndi 1894. Ngati mumangofuna chaka chokhacho, zimitsani pompano mukagone.

Simunazimitse eti? Ndinadziwa.

1894 ndi pamene anakwera phiri. Mishoniyo inafika m'dziko muno mu 1875, anthu a Free Church of Scotland, ndi kasitima kawo ka Ilala. Osati Ilala tikuidziwa ifeyi ayi, yoyambayo. Anakakhala ku Cape Maclear, ku Mangochi, n'kutcha malowo Livingstonia pokumbukira David Livingstone amene anali atamwalira mu 1873. Malo okongola, koma malungo anawakutumula. Pofika 1881 wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, pamene manda a amishoni anali angapo kale. Ndiye chaka chomwecho ananyamula katundu kupita ku Bandawe, kwa Atonga. Kumeneko ana anadzaza m'masukulu, koma malungo aja anawatsatira. Dr Robert Laws, dokotala yemwenso anali m'busa, wa ku Aberdeen, ndi amene anati tiyeni tikafune malo okwera, kozizira, kutali ndi gombe. N'kupeza Khondowe, ku Rumphi. Sukuluyo anaitcha Overtoun Institution, dzina la bwana wina wachuma wa ku Scotland, Lord Overtoun, amene anathira ndalama zambiri. Anyamata ankachokera kutali n'kumagona komweko, kuphunzira uphunzitsi, ubusa, ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku, ngakhale kutumiza mauthenga pa lamya ya telegalafu. Laws anakhala mpaka 1927. Basi, funso lanu ndayankha.

Koma dikirani. Mwatchula amalume, ndiye simungandiletse.

Amalume angawo, inu mumati bambo aakulu, mukukumbukira mmene ankayambira nkhani ya Khondowe? Kutsokomola kaye kawiri, kukweza buluku m'maondo, kenako "inu ana simudziwa sukulu." Ukangomva choncho udziwe kuti lero ntchito zaima. Ankayambira pa Chitimba nthawi zonse. Ati anafika m'munsi muja ndi bokosi lawo lachitsulo, lija lobiriwira, lija linadzayambitsa mkangano pa nthawi ya... eee, mukudziwa, tisazidzutse. Ati atayang'ana m'mwamba anafunsa munthu kuti sukulu ili kuti, munthuyo n'kungoloza mitambo. Ndiye bokosi pamutu, kuyamba kukwera Gorodi. Msewu uja uli ndi makona 20 opindika ngati mkono wa munthu wodwala nyamakazi, ndipo umakwera mamita pafupifupi 900 kuchokera panyanja. Amalume ankati makona ndi 40. Tsiku lina achimwene anawatsutsa kuti malume, makonawo ndi 20, iwo n'kunena kuti iwe unawerenga uli m'galimoto, ine ndinawerenga ndili ndi bokosi pamutu. Nkhani inathera pomwepo.

Kenako ankalowa mayina. Clements Kadalie, Levi Mumba, David Kaunda. Ankawatchula ngati ankagona nawo hositelo imodzi, kubwerekana sopo. Ine ndili mwana ndinkaganiza kuti Kadalie anali mnzawo wa pabedi loyandikana. Ndinadzadziwa ndili wamkulu kuti Kadalie anayambitsa bungwe lake la anthu apantchito, ICU, ku Cape Town mu 1919, amalume asanaganiziridwe n'komwe kubadwa. Levi Mumba ndi uja anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. David Kaunda anatumidwa kukalalikira ndi kuphunzitsa ku Chinsali, ndipo mwana wake ndiye Kenneth Kaunda wa ku Zambia. Onsewo anadutsadi pa Khondowe, pamenepo amalume sankanama. Kungoti iwo ankadziika pamzere womwewo, wachinayi, osaphethira.

Ndiye nkhani ya njerwa. Aaa, nkhani ya njerwa. Ana a pagulu pano ena sanaimve, ndiye ndiinena yonse, asuweni pirirani.

Mu 1959, pa 3 Malichi, bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti dziko lili pa ngozi. Kamuzu anamangidwa n'kutengeredwa ku Gwelo, anthu a Congress ankatoledwa usiku, ku Nkhata Bay asilikali anawombera anthu padoko. Boma linkaopa kuti Azungu a ku Khondowe aphedwa ndi anthu akuda. Ndiye linatumiza ndege, n'kugwetsa kalata yofunsa kuti kodi mukufuna tidzakuchotseni? Muike chizindikiro pansi, ndege ikabweranso ione. Anthu anakhala pansi, akuda ndi Azungu limodzi, n'kugwirizana kuti palibe amene achoke. Ndiye anayala njerwa zopaka laimu pakapinga, malemba akuluakulu owerengeka uli m'mwamba, Aefeso 2 ndime 14. Ndime ija imanena kuti Khristu ndiye mtendere wathu, amene anagumula khoma lolekanitsa anthu. Ndege inabwera, inajambula, chithunzi chinatuluka m'manyuzipepala. Malembawo alipo mpaka lero pafupi ndi Stone House, nyumba ya miyala ya Laws ija.

Zimenezo zinachitikadi. Tsono amalume. Poyamba, ife tili ang'ono, ankati iwo ananyamula nawo njerwa. Chabwino, mwana wasukulu, n'zomveka. Patapita zaka anayamba kunena kuti nambala 4 ija anayala ndi iwo okha. Ati mukaiyang'anitsitsa ndi yowongoka kuposa zinazo. Pofika nthawi ya ukwati wa achemwali anu, uja anavina mpaka nsapato kusomphoka, anali atafika poti ndimeyo anaisankha ndi iwo. Ati Azungu anasowa chonena, iwo n'kukweza dzanja kumbuyo. Hahaha! Azakhali anangoti bambo, mukapitiriza chaka chamawa ndegeyo muyendetsa ndinu. Anakwiya tsiku lonse, osayankhula ndi munthu.

Mulungu awasunge. Ndimawasowa bambo aja.

Koma pali ina imene sankainena. Iyi ndinaimva kwa amayi, usiku uja tinagona pakhonde la chipatala, inu munali mutapita kukatenga zofunda. Amayi anati kalata yowaitana kusukulu itabwera, agogo aakazi anaibisa. Anaisomeka kudenga. Ati mwana wanga sapita kumapiri kwa anthu a chiyankhulo china, akadwala amuona ndani. Inakhala kumeneko mpaka agogo aamuna anamva kwa aphunzitsi kuti kalata inatumizidwa kalekale. Kunali kunyumba kumeneko... eee, agogo aamuna mukuwadziwa mmene ankayankhulira akakwiya, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga. Kalata inatsika.

Ndiye amalume anapita. Ndipo teremu yoyambayo anathawa.

Eya. Amalume omwewo, a nambala 4. Palibe anawamenya, palibe anawalakwira, kunali kupukwa basi. Chitumbuka sakumva, kuzizira kwa pamwamba paja, nkhungu m'mawa osaona ngakhale mnzako, belu likalira aliyense akudziwa kopita kupatula iwo. Tsiku lina madzulo anangotuluka, bokosi kulisiya, kutsika Gorodi yense akulira. Kufika pa Chitimba kwada. M'thumba mulibe kanthu, njira ya kwawo sakuidziwa bwino. Anakhala pamchenga. Msodzi wina wachikulire amene ankamvako Chichewa anawapeza, n'kuwafunsa kuti mwana wasukulu ukutani kuno. Atafotokoza, mkulu uja sanawanyengerere ayi. Anangoti kwanu ndi masiku ambiri, kumtunda ndi usiku umodzi, sankha. Anagona m'khumbi la asodzi, tambala woyamba n'kuyamba kukwera. Ndiye mwina makona 40 aja... ayi, 60, kukwera, kutsika, kukweranso. Mwina ankachita kuchepetsa.

Amayi anati amalume anadzawauza okha patapita zaka zambiri, n'kuwalumbiritsa kuti asauze agogo aakazi. Chifukwa agogo akanamva akanati mwaona, ndinanena ine.

Tsono asuweni. Tiyeni tisiye kuzungulira.

Mwana wathu wasankhidwa kupita Fomu 1 kusukulu ya mishoni yogonera komweko, kutali, kumudzi kwenikweni. Tonse tinaimba nthungululu pagulu pano, tizithunzi ta m'manja tambirimbiri. Inu munangoyankha kuti zikomo. Kuchokera tsiku limenelo, zii. Achimwene anafunsa kuti katundu mwayamba kugula, simunayankhe. Lero mwadzuka pakati pa usiku kufunsa za sukulu ya amalume. Inu simukufuna chaka. Mukufuna wina akuuzeni kuti sukulu zakutchirezi zinali za kale, masiku ano mwana aziphunzira pafupi, azigona pakhomo. Mukufuna ndinene ineyo kuti mudzati asuweni ndi amene ananena.

Sindinena. Mwanayo apite.

Sindikuti sukulu za mishoni ndi kumwamba ayi. Ngakhale Khondowe yemweyo anali ndi zake. Laws anali munthu wouma, mawu ake anali lamulo. Anthu akuda ankamaliza maphunziro a ubusa n'kudikira zaka kuti adzozedwe, abusa oyamba anadzozedwa mu 1914, ndipo mmodzi wa iwo, Yesaya Zerenji Mwasi, anadzatuluka mu 1933 kukayambitsa mpingo wake. Elliot Kamwana naye anachoka pasukulupo n'kudzakhala mutu wowawitsa amishoni. Ndiye amene akuuzeni kuti mwana akalowa pageti la mishoni watuluka mngelo, ameneyo akukunamizani. Komanso mantha anu sindikuwaseka. Ndine kholo inenso, ndipo zija zinachitika chaka chija tonse sitinaiwale. Ndikudziwa chifukwa chake mwana ameneyu simufuna achoke pamaso panu.

Koma taonani chimene anthu aja ankasamala. Anasamuka kawiri konse chifukwa cha matenda. Atafika pamwamba paja anakoka madzi m'mapaipi kuchokera kumapiri, mu 1905 anali ndi magetsi opukusidwa ndi madzi, kenako anamanga chipatala cha David Gordon Memorial. Kutalika sikunawavutitse, anachita kukufuna. Chimene chinkawasowetsa tulo ndi chakuti mwana akadwala zitha bwanji. Funso la agogo aakazi lomwe lija, akadwala amuona ndani. Agogo anafunsa bwino, kungoti m'malo mokafufuza yankho anasomeka kalata kudenga.

Ndiye inu pitani mukafunse. Sukulu isanatsegulidwe, kwerani galimoto mukaone ndi maso anu. Mukaone kumene amatunga madzi. Mukafunse kuti chipatala chili mtunda wotani, ndipo mwana akatentha thupi usiku amamunyamula ndi chiyani. Mukalowe m'hositelo, muone mawindo, muone ngati pali pomangirira neti, muone zimbudzi. Mukadziwe munthu wamkulu amene amagona pafupi ndi anawo, mutenge nambala yake, mumupatse moni wabwino. Ahedi akakuonetsani tchalitchi chokha ndi zikho za mpira, muwathokoze, kenako muwapemphe akuonetseni kuseri. Mukapeza zoipa zenizeni, bwerani mudzatiuze, ine ndidzakhala woyamba kunena kuti tifune malo ena. Koma ngati vuto ndi lakuti ndi kutali basi, ayi asuweni, mwana apite.

Adzalira, zimenezo ndikuuziranitu. Teremu yoyamba adzaimba foni ya aphunzitsi akusisima, adzati mudzanditenge, adzati mutu, adzati m'mimba. Inu mudzafuna kunyamuka usiku womwewo, ndikukudziwani. Mudzayambe mwaimbira ine. Tsiku loona ana tidzapita tonse, ine ndidzakhala pakati kuti musamulongedzere katundu mobisa.

Ndipo bambo ake musawaike patsogolo kuti ndi amene akukana. Tinayankhula nawo, iwo alibe vuto, akungoopa inu. Hahaha, pepani alamu ngati mukumvera, ndakuululani.

Ha, ndayankhula nthawi yaitali, ana a pagulu pano andinena. Chaka ndi 1894, Robert Laws, lembani penapake musadzandifunsenso usiku. Kalata ya mwanayo ili kuti? Ndikufunsa zenizeni. Muijambule muitumize pano lero lomwe, pamodzi ndi mndandanda wa katundu uja, tigawane aliyense chogula. Matiresi ndi neti ndatenga ine. Mwanayo akupita, asuweni. Mawa madzulo mundiimbire, osati pagulu, patokha.