Funsani Agogo: Ndinabwera kudzatumikira ku Angónia, koma pemphero landiumira

FUNSO: Agogo, ndine mnyamata wa zaka 24 wochokera ku Lilongwe. Mpingo wathu unandituma kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, kwa zaka ziwiri, ndipo ndatha miyezi isanu ndi itatu m'mudzi wina cha ku Domue. Ndimaphunzitsa ana Sande sukulu, ndimazonda odwala, Lachitatu ndimawerenga Baibulo ndi amayi. Koma kunena zoona, tsiku langa limathera kumjigo, pomata njinga ndi pamaliro. Kwathu ndinkapemphera mpaka misozi, koma kuno ndikagwada m'mutu mumangobwera mtengo wa makala. Madzulo ndimakwera pachulu kusaka netiweki, n'kumaona pa Facebook anzanga akulalikira m'misonkhano yodzaza. Pali mayi wina wamasiye amene amanditumizira nsima tsiku ndi tsiku, koma ndimabweza chifukwa iwowo ndi osowa kuposa ine. Kodi Mulungu anandiitanadi, kapena ndinangotengeka? Dedza si patali, ndipo chikwama ndachilongedza kale kawiri.
Wosweka mtima, Domue

YANKHO: Mwananga, tiyambe ndi nsima wabwezayo, zinazo zitipeza m'njira. Nditawerenga pamenepo ndinavula magalasi n'kuyamba ndapuma. Iwe ukuti ukuwachitira chifundo mayiwo. Kuno kwathu mbale ikabwerera yosavundukula, mwini wake sagona: amadzifunsa ngati wanyansidwa naye, kapena ngati wina wakunong'oneza kuti amathira mankhwala m'ndiwo. Ndipo mudzi wonse umadziwa, chifukwa mwana amene umamubweza ndi mbaleyo amadutsa pamakomo a anthu.

Ndikuuze za ife a kuno. M'chaka cha 1986, nkhondo itafika povuta, ine ndi amayi anga tinadutsa usiku m'tinjira ta kufupi ndi Calomue, mutu uli ndi kamtolo ka zovala ndi poto mmodzi. Tinatulukira mbali ya Dedza kukucha, mapazi atachita dzanzi ndi mame. Mayi wina amene sitinkamudziwa n'komwe anatilowetsa m'khitchini mwake, natipatsa phala la mgaiwa lopanda shuga m'mbale yobenthuka m'mphepete. Mbale imeneyo ndimaionabe m'maso. Tinalipo pafupifupi miliyoni imodzi amene tinathawira ku Malawi, ndipo ambiri tinabwerera pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ndiye ganiza, mayi wako wamasiyeyo mwina naye anadyapo nsima ya mwini ku Dedza kapena ku Ntcheu. Lero mwana wa ku Malawi wafika pakhomo pake, mpata wobweza zabwino wapezeka, iwe n'kumati ayi zikomo, ndaphika mpunga.

Baibulo ukuwerengera amayi Lachitatulo, tatsegula 1 Mafumu 17. Eliya, mneneri wamkulu uja, Mulungu anamutumiza kunja kwa dziko la kwawo, ku Zarefati, kuti akadyetsedwe ndi mkazi wamasiye wotsala ndi kaufa kodzaza dzanja. Pa Luka 10 napo, Ambuye potuma ophunzira awiriawiri anawauza kuti azidya zimene awakonzera. Iwe unabwera utakonzeka kupatsa basi, ndipo kulandira kukukuvuta chifukwa kumatsitsa munthu. Ine ndikuona kuti sukulu imene Mulungu wakulembetsa chaka chino ndi imeneyo. Mawa mbale ikabwera, samba m'manja udye, kaya ndi nyemba kaya ndi nkhwani wotendera. Ukamaliza ukaibweze wekha, ukhale pansi pakhonde, uwafunse za ana awo. Tsiku lina uikemo kamchere kapena sopo, poti mbale sibwerera yopanda kanthu. Nthawi yokumba mbatatesi ikakwana, tenga khasu ukawathandize.

Za pemphero louma usachite nazo mantha kwambiri. Ndakhala m'chigwirizano cha amayi zaka zambiri, ndipo nyengo zimene ndinkagwada n'kumangomva tambala akulira panja ndi zochuluka kuposa za misozi. Pitiriza kuwerenga mpaka mutu 19: Eliya yemweyo anafooka, nagona pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha kufa. Mngelo sanamulalikire. Anamudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, kawiri konse. Nawe udzifunse kaye ngati ukudya mokwanira, ndiponso ngati uli ndi bulangete lokwana, poti chisanu cha kumapiri kuno m'miyezi ya Juni ndi Julayi sichisewera. Mtengo wa makala ukabwera m'mutu, usauthamangitse, uwauze Ambuye kuti makala akwera. Kenako tenga salimo limodzi lokha, uziliyimba kapena kulinena mokweza popita kumjigo sabata yonse.

Chulu chija uzikwerapo Lamlungu madzulo pokha, kuimbira amayi ako. Pa Facebook palibe amene amajambulitsa tsiku limene kutchalitchi kunabwera anthu asanu ndi mbuzi.

Maliro ndiye wandikhumudwitsa nawo pang'ono, powawerengera pamodzi ndi kumata njinga. Munthu amene wagona pasiwa, wagawana moto ndi madoda usiku wonse, m'mawa n'kuperekeza adzukulu kumanda, ameneyo mudzi umamuyesa wawo, ndipo akadzaimirira ndi Baibulo amamvedwa. Usaiwalenso kuti Mawu sanabwere ndi iwe kuno. Zaka zoposa 100 zapitazo Akatolika anali kale ku Lifidzi kuno ku Angónia, ndipo amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Nyasaland anatsegula mishoni ya Mphatso. Boma la Apwitikizi litatseka mishoni ya Mphatso mu 1922, akhristu anatsalabe, ena n'kumawoloka malire wapansi kukapemphera tsidya linalo. Nkhalamba zina zimene zimakhala kumbuyo m'kalasi mwako ndi zidzukulu za anthu amenewo. Tsiku lina utseke buku lako, uzifunse mmene zinkapempherera kutchire nthawi ya nkhondo, iwe ungomvetsera.

Chinanso, usanyengeke poti tonse tikulankhula Chichewa. Kuno ndi dziko lina: ndalama ndi metical, minibasi ndi chapa, ana kusukulu amaphunzira Chipwitikizi. Auze ana ako a Sande sukulu akuphunzitse kuwerenga manambala ndi masiku a sabata. Adzakuseka mpaka kugubuduka pansi, koma ukadzapita kumsika ku Ulongwe sadzakuonjezera mtengo.

Ngati anakuitanadi kapena ayi, ine sindingakuyankhire nditakhala pampando pano, ndipo miyezi isanu ndi itatu ndi yochepa kuti uweruze. Ukhale pansi ndi mkulu wa mpingo mmodzi amene umamukhulupirira, umuuze zonse wandilemberazi, ndi za chikwama zomwe. Ngati kusowa tulo ndi kusafuna kudya kukupitirira masabata, ukaonanenso ndi achipatala, zimenezo si zamanyazi. Ndipo ngati mtima ukufuna kwanu, pempha masiku anayi kwa akuluakulu, uone kuti mapepala ako a pachipata ali bwino, ukaone amayi ako masana dzuwa likuswa mtengo, osati mozemba. Chikwama chachikulucho usiye, utenge kajumbo. Pobwera uwagulireko mayi aja chitenje ku Dedza, ndipo undilemberenso mvula ikagwa, undiuze kuti ndiwo zinali zanji.