Za Slipknot mwafunsazi, yambirani pa chimbale cha 2004

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mwati mnyamata wanu wa Folomu 3 anatola malaya olembedwa Slipknot pa kaunjika, pano foni yake yadzaza nyimbo za gululi, ndipo mukufuna kudziwa kuti anthu ovala zigobawa ndi ndani, ngati ndi ausatana, komanso nyimbo zomwe mungamvere kuti muweruze nokha. Ine ndawamvera anthuwa kwa zaka zambiri, ndipo langizo langa ndi lakuti musayambire pa zimbale zawo ziwiri zoyambirira. Mukayambira kumeneko muzimitsa mphindi isanathe, n'kukhala kuti simunamve kanthu. Yambirani pa chimbale cha 2004 chotchedwa Vol. 3: The Subliminal Verses.

Gululi ndi la ku America, mumzinda wa Des Moines m'dera la Iowa. Kumeneko n'kuminda ya chimanga ndi makola a nkhumba, kutali ndi Los Angeles ndi New York komwe makampani ojambula nyimbo amasakako oimba. Linayamba mu 1995, ndipo mizati yake inali Shawn Crahan, Paul Gray woimba besi, ndi Joey Jordison wa ng'oma, yemwe nthawi imeneyo ankagwira ntchito ya usiku pamalo omwetsera mafuta galimoto. Corey Taylor, mwini mawu omwe mukuwamva akubangula m'chipinda cha mwana wanuwo, analowa mu 1997 kuchokera ku gulu lina la komweko lotchedwa Stone Sour. Pomwe ankatulutsa chimbale chawo choyamba mu 1999 pansi pa kampani ya Roadrunner, anali atakwana anthu 9, aliyense ndi nambala yake kuyambira 0 mpaka 8.

Zigobazo anaziyambitsa ndi Crahan, amene ankabwera kokonzekera nyimbo atavala nkhope ya munthu wanthabwala uja wa mphuno yofiira, n'chifukwa chake mpaka lero amangomutcha Clown. Anzake anatengera, aliyense n'kupeza chake, kenaka onse anavala maovolosi ofanana okhala ndi kachizindikiro kamizeremizere kaja ka pa katundu wa m'sitolo. Ankatsutsa malonda a nyimbo omwe amagulitsa nkhope ya woimba ngati sopo. Musazifanizire ndi za kudambwe, chifukwa apa palibe mwambo wobisika. Mayina a oimbawa amadziwika, nkhope zawo zili pa intaneti, ndipo pafupifupi chimbale chilichonse amasintha zigoba monga momwe timu imasinthira yunifolomu.

Tsopano kaimbidwe kake, komwe ndikufuna mutcherepo khutu kwambiri. Munthu akangomva koyamba amati ndi phokoso basi, koma mkati mwa phokosolo muli dongosolo, ndipo khomo lolowera ndi ng'oma. Magulu ambiri a metal, mtundu wa nyimbo za magitala ndi ng'oma zaukali ngati izi, amakhala ndi wang'oma mmodzi. Awa ali ndi atatu. Wamkulu amakhala pampando n'kumaponda ng'oma zikuluzikulu ndi mapazi onse awiri, mwaliwiro lomveka ngati injini ya chigayo, pomwe awiri enawo amaima mbali ino ndi mbali inayo akumenya ng'oma zawozawo pamodzi ndi migolo yachitsulo ya mowa. Crahan amamenya mgolo wake ndi chibonga cha mpira wa baseball, ndipo kulira kwachitsulo kuja mukumva pakati pa nyimbo n'komweko. Magitala awiri, a Mick Thomson ndi Jim Root, amawamasula nsambo kuti azilira motsika kwambiri, moti nthawi zambiri amagunda limodzi ndi ng'oma m'malo moimba kanyimbo kokoma pamwamba. Kuwonjezera apo pali DJ, Sid Wilson, wokanda mbale monga amachitira a hip hop, ndi wina wolowetsa timawu tojambulidwa kale. Kusakaniza kumeneku ndi komwe kunawapatsa dzina la alternative metal, ena amati nu metal, ngakhale kuti kamenyedwe ka Jordison kanachokera ku mitundu ya metal yolemera kuposa pamenepo.

Mawu a Taylor amasintha katatu m'nyimbo imodzi. Amatha kulankhula mofulumira ngati rap, kubangula kuchokera m'mimba, kenaka pa kolasi n'kutulutsa liwu loyera lomwe simungakhulupirire kuti latuluka pakhosi lomwe lija. Ambiri amene anakhalitsa pa gululi anakodwa ndi makolasi amenewa.

N'chifukwa chake ndikukutumizani ku Vol. 3. Anachijambula ndi katswiri wojambula nyimbo Rick Rubin, ndipo ndi chimbale chomwe Taylor anasiya dala kutukwana, pofuna kuonetsa kuti akhoza kulemba popanda kudalira mawu oipa. Yambani ndi Vermilion Pt. 2, yomwe ndi ya gitala wamba, yachisoni, yopanda kukuwa kulikonse. Ikatha, mverani Before I Forget, yomwe inawapatsa mphoto yaikulu ya oimba ku America ya Grammy mu 2006. Ngati bandulo ikulola, oonerani kanema wake pa YouTube, chifukwa akuimba atavula zigoba n'kuzikoleka pambali, koma kamera siionetsa nkhope yonse ya aliyense. Yachitatu ikhale Duality. Apo muyesere kutsata ng'oma zokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osalabadira kukuwa. Mukafuna ina yofatsa, pali Snuff ya pa chimbale cha All Hope Is Gone cha 2008, chomwe chinali choyamba chawo kufika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America.

Chomwe sindingakubisireni ndi chimbale cha Iowa cha 2001. Ndi cholemera kuposa zonse, chodzaza matukwano, chidani ndi mawu a imfa, pachikuto pali mutu wa mbuzi, ndipo m'nyimbo ina amatchula 666 mobwerezabwereza. Anachijambula ali pa mikangano, ena atamira mu mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo zimenezi zimamveka. Chinafika pa nambala 1 ku Britain, ndipo okonda gululi ambiri amati ndicho chapamwamba, komabe ine mwana wa zaka 15 kapena 16 sindingamulekerere kuchimvera yekha usiku ndi usiku. Cha 1999 chija nachonso chili ndi matukwano ambiri.

Pa nkhani ya usatana yomwe mwaikhudza, oimbawo akhala akukana kuti sapembedza zimenezo, ndipo nyenyezi ya nsonga 9 yomwe mukuiona pa malaya imaimira anthu 9 a m'gululi. Komabe n'zoona kuti amagwiritsa ntchito zithunzi zoopsa mwadala ndipo nyimbo zina zimanyoza chipembedzo. Ngati pakhomo panu zimenezi simuzilola, muli ndi chifukwa chomveka ndipo muuzeni mwanayo mosapita m'mbali. Kumva kwanga, chomwe chimabwerera kawirikawiri m'nyimbozi ndi mkwiyo wa munthu wonyozedwa ndi wosungulumwa. Taylor wakhala akufotokoza poyera za ubwana wake wovuta, kuti anayamba mankhwala ali wamng'ono, mpaka agogo ake aakazi anamutenga n'kumulera. Achinyamata ambiri amamva ululu umenewo n'kuona ngati wina wawayankhulira. Gululi limatcha otsatira ake mphutsi, ndipo iwo amalinyadira dzinalo, chifukwa limawasonkhanitsa onse amene amadziona ngati otayidwa.

Tsiku lomwe ine ndinawaona mwa mtundu wina linali mu May 2010. Paul Gray anapezeka atamwalira m'chipinda cha hotelo ku Iowa chifukwa cha mankhwala amphamvu opha ululu a morphine ndi fentanyl, ali ndi zaka 38, mkazi wake ali woyembekezera. Mawa lake anzake anakhala pamaso pa atolankhani opanda zigoba, amuna akuluakulu akulephera kumaliza mawu ndi misozi. Chimbale cha 2014 anachitcha .5: The Gray Chapter pomukumbukira. Jordison anasiyana ndi gululi mu 2013, pambuyo pake anaulula kuti ankadwala matenda a mitsempha ya mumsana omwe anamufooketsa miyendo, ndipo anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 46. Gululi likadalipo. Linatulutsa We Are Not Your Kind mu 2019 ndi The End, So Far mu 2022, ndipo kuyambira 2024 pa ng'oma pali Eloy Casagrande wa ku Brazil, yemwe anali m'gulu lina la metal lotchedwa Sepultura.

Mukamvera zinayi ndatchulazo, mufunseni mnyamatayo nyimbo imodzi yomwe amaibwereza kwambiri. Musake mawu ake pa intaneti, muwerengere limodzi, ndipo mumufunse mzere womwe umamukhudza. Akaloza ng'oma ndi magitala, ndiye kuti wakonda kaimbidwe, mwina mawa akupemphani gitala. Akaloza mizere ya kusungulumwa ndi kudzida, khalani naye pansi mumve zomwe zikumuchitikira kusukulu kapena pakati pa anzake, ndipo foniyo musathamangire kumulanda tsiku lomwelo. Chinanso, muuzeni azichepetsa voliyumu akavala mahedifoni, chifukwa nyimbozi amazijambula mokweza kale ndipo makutu akawonongeka sabwerera.