Funsani Dokotala: Mwana watupa nkhope, akuti C3 yatsika

Funso: A dokotala, ndine mayi wa ku Malindi kuno ku Mangochi. Mwana wanga wa zaka 6 anali ndi mphere zomwe zinasanduka zilonda. Patapita masabata atatu anayamba kudzuka nkhope itatupa, mkodzo uli ngati tiyi wopanda mkaka. Ine ndinkayesa likodzo. Atamuyeza magazi kuchipatala akuti C3 yatsika. Kodi chimenechi n'chiyani?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kuthamangira naye kuchipatala. Kuno kunyanja tikangoona magazi mumkodzo timati ndi likodzo, ndipo kawirikawiri timalondola. Komatu magazi a likodzo amakhala ofiira, amadontha pomaliza kukodza. Mkodzo wa tiyi pamodzi ndi kutupa, pamenepo vuto lili ku impso.

C3 ndi puloteni yomwe chiwindi chimapanga n'kuithira m'magazi. Ili m'gulu la mapuloteni oposa 30 lotchedwa complement, lomwe Jules Bordet wa ku Belgium analitulukira m'zaka za m'ma 1890. Inapangidwa ndi zingwe ziwiri zolumikizana, zopindidwa mwakuti mkati mwake mwabisika kambedza. Kachilombo kakalowa m'thupi, C3 imadulidwa pawiri. Kachidutswa kakang'ono, C3a, kamaitana maselo oyera a magazi. Chachikulucho, C3b, chimatulutsa mbedza ija n'kukola kachilomboko, ndiye maselo oyera amakapeza mosavuta n'kukameza.

M'zilonda za mwana wanu munalowa mabakiteriya a streptococcus. Thupi linalimbana nawo, koma zotsalira za nkhondoyo zinakakamira m'tisefa ta impso. C3 ikuthera kumeneko mofulumira kuposa momwe chiwindi chikuipangira, n'chifukwa chake m'magazi yachepa. Tisefato tatupa, tikudontha magazi ndipo tikulephera kutulutsa madzi ndi mchere.

Mtima ukhale m'malo, ana ambiri amachira bwinobwino, ndipo C3 imabwerera yokha pakatha masabata 6 mpaka 8. Palibe mankhwala ogula kumsika oikweza, musataye ndalama. Mukamuyezetsenso nthawiyo ikakwana, chifukwa ikapanda kubwerera pamafunika kufufuza matenda ena a impso.

Pakadali pano chepetsani mchere m'ndiwo zake, usipa wouma wamchere auleke kaye, ndipo azimuyeza BP monga akuuzirani. Akayamba kukodza pang'ono kwambiri, kumva mutu, kubanika kapena kukomoka, musadikire kuti kuche.

Mpherezo ndi zomwe zimandidetsa nkhawa, poti timazipeputsa. Banja lonse lilandire mankhwala nthawi imodzi, zofunda muzichape ndi kuziyanika padzuwa, ndipo mwana wina akatuluka zilonda za mafinya mupite naye msanga.