Ana adwala atadya nyemba ku boarding, mayi akufunsa achite chani

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake wa Fomu 2 ndi anzake ambiri anasanza ndi kutsegula m'mimba usiku atadya nyemba za ku dining, ndiye akufunsa ngati akadandaule kapena angozisiya poopa kuti mwanayo angamadedwe ndi aphunzitsi. Mayi, musazisiye ayi.

Nkhaniyi yandipweteka chifukwa ifenso tili ku sekondale zinkatichitikira. Nkhuni zikabwera zaziwisi moto umangofuka utsi, belu likalira makuku amaphula nyemba zikadali zolimba, ife ndi njala timangodya. Pakati pa usiku mzere wa ku toileti umafika panja pa hostel, mmawa a matron amangoti mwadya zakunja inu, nkhani yathera pompo. Mnzanga wina anakagonekedwa kuchipatala mayeso ali pafupi, palibe ngakhale mmodzi anakaona kukhitchini.

Anthu ambiri sadziwa kuti nyemba zosapsa, makamaka zofiira zija, zili ndi poizoni wake wachilengedwe wotchedwa lectin ndipo munthu amayamba kusanza pasanathe maola atatu. Poizoniyu amafa nyemba zikabwata mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10, moto wongonyeka pang'onopang'ono sumupha. Nkhuku nayo tsiku limene yapezeka, mum'phika waukulu uja nthuli zapansi zimapsa zapamwamba zikadali ndi magazi pa fupa, tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba totchedwa Salmonella tili momwemo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chakudya chizifika madigiri 70 mkati mwake, ndipo chophika chisakhale chongoikidwa pamtunda kupitirira maola awiri. Koma pitani mukaone ndiwo za masana zimene amagawanso madzulo osatenthetsa.

Ndipo ine ndimakana zoti wolakwa ndi kuku yekha. Anthu atatu kuphikira ana mazanamazana, nkhuni zosakwana, magetsi azima nyama yafunda mu firiji, fizi makolo alipira yonse. Amene amagwira ndalama ndi amene ayankhe.

Zoti muchite

Mwana amwe Thanzi ORS pafupipafupi, mukaona magazi m'chimbudzi, thupi latentha kapena wafooka kwambiri thamangirani kuchipatala. Lembani kalata kwa aheadi ndi a PTA pamodzi ndi makolo ena kuti mwana wanu asalozedwe chala yekha, komanso dziwitsani a zaumoyo ku ofesi ya DHO abwere adzayendere khitchiniyo.