Kodi adzadula chida chonse cha abambo?

Achimwene, mwafunsa ngati chilonda chosapola cha kunsonga kwa chida, chomwe adokotala akuchikayikira kuti ndi khansa, ndiye kuti adzadula chonse. Ayi, si nthawi zonse. Pemphani akutumizeni kwa urologist, katswiri wa njira ya mkodzo. Iyeyo amayamba wadula kanyama kakang'ono kukapima. Khansa ikakhala pakhungu pokha, amachiza ndi mankhwala opaka monga imiquimod, kapena kuwotcha ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser, kapenanso mdulidwe. Ikalowa mkati amachotsa mbali yodwalayo, n'kuyesetsa kusiya pokwanira kuti muzikodzabe mutaimirira.

Koma chonde, musaiwale anabere a m'mphechepeche, poti khansayi ikamafalikira imayambira kumeneko. Akawagwire, akawaunike, ngakhale asanatupe. Ndipo musadikire ululu, chifukwa kawirikawiri chilondachi poyamba sichipweteka n'komwe. Pitani sabata yomwe ino.