Sikelo yoyezera nyenyezi yakufa

Aphunzitsi, imelo yanu ndailandira. Mwafunsa kuti: "Akatswiri amadziwa bwanji kulemera kwa white dwarf pongoona X-ray yochokera kumeneko, poti sangaiike pasikelo?" Sikelo ilipo ndithu, ndipo ndi kutentha kwa mpweya umene umagwera panyenyeziyo.

White dwarf ndi chitsa chimene chimatsala nyenyezi yonga dzuwa ikapsa n'kutha. Kukula kwake n'kofanana ndi dziko lathuli, koma kulemera kwake kumayandikira kwa dzuwa. Ikakhala moyandikana ndi nyenyezi ina, imayamwa mpweya wa inzakeyo. Zina zili ndi maginito amphamvu zedi moti mpweyawo sugwera paliponse ayi. Umatsata njira za maginito ngati palafini wodutsa m'fanele, n'kukathera pakamalo kakang'ono. AM Herculis ndi yotere, ndipo iyo ndi inzake zimazungulirana m'maola atatu okha.

Mpweyawo umatsika pa liwiro la makilomita masauzande angapo pa sekondi. Ukatsala pang'ono kugunda pansi, umawombana ndi umene watsogola, ndipo kutentha kumakwera kupitirira madigiri 100 miliyoni. Apa m'pamene X-ray imabadwira. Kuyambira pamenepo mpaka pansi pamaima kamzati ka mpweya, kotentha kwambiri pamwamba, kozizirirapo potsika.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti white dwarf ikalemera kwambiri, imafinyika n'kuchepa. Ikatero imakoka mwamphamvu, mpweya umagwa mothamanga, kutentha n'kukwera. Ukadziwa kutentha kwa pamwamba pa kamzatiko, wadziwanso kulemera.

Koma kamzatiko palibe telesikopu imene ingakaone. Timangolandira kuwala kwake kosakanizika. N'chifukwa chake akatswiri amakamanga pakompyuta, potsata maziko amene katswiri wina, Aizu, anayala mu 1973. Amakadula magawomagawo, n'kuwerengera kuwala kwa gawo lililonse, kenako kuphatikiza n'kuyerekeza ndi zimene makina ojambula X-ray ngati NuSTAR, amene anatumizidwa kumwamba mu 2012, ajambula. Chitsulo chimene chili mumpweyawo chimathandizanso: chimawala pa 6.7 ndi 7.0 keV (keV ndi muyeso wa mphamvu ya X-ray) m'mpweya wotenthawo, pomwe kuwala kwa pa 6.4 keV kumachokera ku X-ray imene yanjanja pankhope ya nyenyeziyo.

Ana anu asamangolandira nambala iliyonse. Taonani white dwarf ya EX Hydrae, imene ili ndi nyenyezi inzake ndipo imadzizungulira m'mphindi 67. Kumeneko mpweya umayamba wazungulira ngati mbale, maginito n'kudzaugwira uli kale pafupi ndi nyenyezi, motero sufika pa liwiro lonse. Mawerengero ena a X-ray ankatenga ngati mpweyawo wachokera kutali kwambiri, ndipo ankapeza kulemera kozungulira theka la dzuwa. Amene anayeza poona kayendedwe ka nyenyezi ziwirizo ndi kuphimbana kwake anapeza pafupifupi 0.8 ya kulemera kwa dzuwa. Mukaona nambala yochokera ku X-ray, muzifunsa kaye kuti wowerengerayo anati mpweyawo unayambira pati kugwa.